Tsitsi la M'maenvelopu

Mkazi aliyense amene anakhalapo pampando wanga ku Chinsapo ankadziwa lamulo la tsitsi, ngakhale palibe amene analilemba. Ukamaliza kumupesa munthu, tsitsi lotsalira m'chipeso umalichotsa iye akuona, n'kumupatsira m'manja. Ena ankalimanga pansonga ya chitenje kuti akaliponye okha m'chimbudzi cha kwawo. Ena ankangoti, “Asisi, liwotcheni pompano,” ine n'kuliponya pambaula, fungo lake n'kudzaza khonde lonse. Ochepa okha, amene tinazolowerana kwambiri, ndiwo ankangodzuka n'kusasa chitenje, amvekere, “Inu ndi munthu wopemphera, mutaya nokha.” Amenewo ndi amene ndinawachita chipongwe.

Zinali zaka zoyambirira za m'ma 2000. Ndinali ndi mwana kumsana, bambo wake ali ku Joni kosatumiza ndi moni yemwe, ndipo ndinkadya za kuluka tsitsi pakhonde la nyumba ya lendi. Achimwene anga, obadwa nawo bere limodzi, ankakhala m'chipinda cha kuseri papuloti pomwepo. Ndiwo ananditenga ku Thyolo, ndiwo anandigulira mpando, galasi ndi zipeso. Anali mphunzitsi wa fizikisi pasekondale ina yoyendera, munthu wamtali, wamagalasi, wofatsa mokwiyitsa. Ine ndine wa pakamwa, zimenezo sindikana. Ndikawakalipira ankangondiyang'ana mpaka mawu anga athe okha.

Mlamu wanga, mkazi wawo, atamwalira, achimwene anasiya kudya. Anauma, kolala ya shati n'kumangolendewera m'khosi. Kenaka anayamba kupita m'tauni Loweruka lililonse kukakhala pa intaneti, n'kumabwera ndi mapepala osindikiza odzaza jumbo. Tsiku lina ndikutsuka zipeso anakhala pampando wa makasitomala.

“Chemwali, pali chinthu chotchedwa fizikisi ya kwantamu. Tinthu ting'onoting'ono timene tinapanga chilichonse, tosaoneka ndi maso, timachita zina ukamatiyang'ana, zina ukapanda kutiyang'ana.”

“Ngati ana anu a sukulu,” ndinatero.

Sanaseke. “Ndipo tiwiri tikakhalapo pamodzi, iwe n'kutilekanitsa, kena ku Mchesi kena ku Thyolo, timakhalabe ngati tikumvana. Ndiye kunjaku kuli anthu ophunzira akufunsa ngati maganizo a munthu, kaya mzimu wake, kaya pemphero, sizikhudzana ndi zimenezi. Anzawo ambiri akuti ndi zamisala. Ine sindikufuna kumva za m'maluwa. Ndikufuna ndiyeze ndekha.”

Sukulu ine ndinalekezera fomu thu, koma ndinamva bwinobwino zimene ankafuna. Munthuyo ankasaka mkazi wake. Ankafuna rula imuuze kuti zinthu zimene zinakhalapo pamodzi sizilekana.

Anapeza mnzawo wofufuza naye, mkulu wa mpingo wina amene ankakonza mawailesi ku Mchesi. Anali bambo wamfupi, wadazi lowala, ndipo ndinkawaseka kuti munthu wopanda ndi tsitsi limodzi lomwe wayamba bwanji kafukufuku wa tsitsi. Pakuti chida chawo chonse chinali tsitsi. Ankaboola katoni, n'kumata tsitsi limodzi lopingasa pabowopo, n'kuliwunikira ndi katochi ka leza, tija tinkagulitsidwa pamsika tomangirira makiyi. Kuwala kukamenya tsitsi kunkamwazika, pakhoma n'kuoneka mzere wa timadontho tofiira psuu. Kuti tioneke bwino ankatseka mawindo ndi mabulangete dzuwa likuswa mtengo. Achimwene ankayeza mipata ya timadonthoto ndi rula n'kulemba m'kope, mkulu uja akupemphera, kenaka n'kuyezanso atasiya kupemphera.

Anayamba ndi tsitsi la achimwene eni ake, kenaka langa, kenaka la malemu mlamu wanga limene linatsalira m'chipeso chake m'sutikesi. Madontho sanasunthe. Munthu wina akanasiyira pomwepo. Achimwene anati vuto ndi kuchepa kwa anthu.

“Amayi ambiri obwera pano amapita ku mapemphero a Lachinayi, eti?” anandifunsa. “Thu koloko onse amakhala akupemphera. Ndikakhala ndi tsitsi lawo, ndiyeza Lachinayi nthawi imeneyo, ndiyezenso Lolemba ali kumsika. Ngati tsitsi limamvanabe ndi mwini wake, tidzaona kusiyana.”

“Mwapenga? Tsitsi la munthu?”

“Limodzi lokha pa munthu aliyense.”

“Apempheni nokha, muone ngati mano mubwerere nawo.”

“Akadziwa, kuyezako kwawonongeka. Sayenera kudziwa.”

Ndinawatukwana tsiku limenelo mpaka mwana anadzuka. Ndinawakumbutsa kuti sipanapite nthawi chimvekere mphekesera za opopa magazi, pamene mlendo aliyense wonyamula chikwama ankathamangitsidwa ndi miyala. Ndinawauza kuti kuphunzira kwawatseka maso, kuti kuno ndi ku Chinsapo, si m'buku. Koma patapita sabata ndinavomera. Anali atayambanso kudya, ndipo ndinkaopa kuti ndikawalanda chidole chawocho abwereranso kokhala duu kuyang'ana khoma. Komanso mpando umene ndinkadyerawo anagula ndi iwo. Anandipatsa maenvelopu ang'onoang'ono. Mayi wondikhulupirira akangotuluka pageti, ndinkatola tsitsi, kuika mu envelopu, n'kulemba ndi dzanja langa dzina lake, pansi pake n'kulemba kuti Lachinayi, 2 koloko. Anakwana maenvelopu khumi ndi anayi, ndipo ankasungidwa m'katoni ya nsapato.

Lachinayi lililonse madzulo ndinkawafunsa mwachipongwe, “Asuntha madontho anu?”

“Sanasunthe.”

“Nanga mukulemba chiyani?”

“Ndikulemba kuti sanasunthe.”

Pamenepo ndiye ankandigometsa. Mtima wawo wonse unkafuna madonthowo asunthe, ngakhale pang'ono chabe, koma sanalembepo bodza ngakhale kamodzi. Mkulu wa mawailesi nthawi zina ankati, “Aphunzitsi, taonani bwino, lerotu ngati atalikirana.” Iwo ankayezanso katatu n'kupukusa mutu. Miyezi isanu inatha kope likudzaza ndi mawu amodzimodzi.

Alandilodi athu anali mayi wamasiye, wosalola ntchentche kutera pa chake. Puloti yonse tinkagwiritsa mita imodzi ya magetsi, ndipo anatiletsa kuphikira pahotipuleti. Mabulangete a m'mawindo aja ankawadya moyo. Ankadutsa akununkhiza, amvekere, “Aphunzitsiwa akuphika nyemba pamagetsi anga.” Mwana wawo wamkazi anali kasitomala wanga, mnzanga weniweni woseka naye, ndipo envelopu yake inali m'katonimo. Anali ndi pakati poyamba. Pa miyezi isanu ndi iwiri mimba inachoka, tsiku lake Lachinayi. Amayi okhaokha anakataya mwanayo mwakachetechete monga mwa mwambo, popanda kulira. Koma funso linatsala likuyenda papulotipo: wachita ndani?

Patapita masabata atatu, Lachinayi cha m'ma fili koloko masana, ndinali kuluka mayi wina pakhonde. Ndinamva chitseko cha kuseri chikumenyetseka, kenaka mfuu. “Mayo ine! Ufiti! Ufiti masanasana!”

Alandilodi sanapite ku mapemphero tsikulo chifukwa ankadwazika mwana wawo. Anakankha chitseko cha achimwene popanda odi kuti awagwire ndi hotipuleti. Anapeza mdima bii, madontho ofiira pakhoma, bambo wadazi atatsinzina akunong'ona dzina la mwana wawo, ndi envelopu yotsekula patebulo. Pambuyo pake ndinamva kuti tsikulo achimwene ndi mnzawoyo anaganiza zomupempherera mtsikanayo kuti achire. Koma ndani akanamva zimenezo? Alandilodi anatsomphola katoni ya nsapato n'kuthamangira nayo kumsewu.

Nthawi yake inali yoipa. Amayi anali akuweruka ku mapemphero, atavala mabulauzi oyera ndi maduku, mabuku a nyimbo m'manja. Anyamata oumba njerwa kuseri kwathu anasiya zikombole. A pabawo anadzuka. Kanthawi kochepa geti lathu la malata linali litagwa, anthu atadzaza bwalo mpaka kuchimbudzi. Mkulu wa mawailesi ndinangomuona akudumpha mpanda wa kuseri, nsapato atazisiya pakhomo, ndipo mumtima ndinati mantha ake galu ameneyu.

Achimwene akanathawanso. Koma anatuluka okha, kope m'manja, n'kuima pakhomo ngati ali kutsogolo kwa kalasi. “Amayi, abambo, dekhani ndifotokoze. Nkhani yake ndi ya kuwala.” Munthu wophunzira amaganiza kuti chilichonse chimatha ndi kufotokoza.

Mayi wina wamkulu, wotsogolera amayi kutchalitchi kwawo, analanda katoni ija n'kuyamba kuwerenga maenvelopu mokweza. Dzina lililonse likatchulidwa, pena pake m'gulumo pankamveka kukuwa. Wina anagwira mutu wake ndi manja awiri. Wina anakhala pansi m'fumbi ndi bulauzi yake yoyera. “Lachinayi, thu koloko,” ankawerenga mayiyo. “Lachinayi, thu koloko.”

“Ndi nthawi yoti atiphe!” wina anakuwa. “Ife tili kwa Mulungu, iwo akutidya!”

Kenaka mayi wina wogulitsa tomato, amene ndinamuluka kwa zaka zitatu, anafunsa ndi mawu otsika amene anamveka kuposa kukuwa konse. “Koma ine tsitsi langa ndimalisiya kwa yani?”

Bwalo lonse linatembenukira kukhonde langa. Mayi ndinkamuluka uja anadzuka mutu uli theka n'kuthawira m'gulumo. Bambo wina anandigwira mkono n'kundikokera pakati, zala zake zikulowa m'mnofu. Wina kumbuyo anayamba kukoka chitenje chimene ndinaberekera mwana, mwanayo akulira mpaka mawu kuzima. Ndinamva mfundo ya chitenje ikumasuka pachifuwa panga. Ndinaona envelopu m'manja mwa mayi wamkulu uja, zilembo zanga zopendekera zili poyera, zomwezija ankaziona tsiku ndi tsiku pachikwangwani changa cha saluni.

“Musiyeni ameneyo!” Sindinawamvepo achimwene akukuwa chibadwire. “Sadziwa kanthu! Ndinkatola ndekha kudzala akasesa. Mayina ndinalemba ndine. Musiyeni, ali ndi mwana!”

Bambo uja anandisiya mkono. Anthu ankangoyang'ana ine, n'kuyang'ananso iwo. Mpaka pamenepo panalibe amene anali atawakhudza achimwene. Anali aphunzitsi, ana a anthu ambiri pamenepo anadutsa m'manja mwawo, ndipo aliyense ankadikira kuti ayambe ndi mnzake. Ndikanangolira n'kulowa m'nyumba, zikanandikwanira. Palibe amene anandituma kuchita chimene ndinachita.

Ndinayenda mpaka pamene anaima, n'kuwawomba khofi ndi mphamvu zanga zonse. Phaa! Magalasi anakagwera uko. “Mfiti iwe!” ndinakuwa. “Wandiwonongera dzina! Ndimakudyetsa ine, iwe ukundibera tsitsi la anthu?” Chibadwire ndinali ndisanawatchulepo kuti iwe. Ndinawalavulira kumaso, malovu n'kumatsika patsaya. Anandiyang'ana ndi maso awo ang'onoang'ono opanda magalasi.

Khofi langalo ndi limene linatsekula khola. Mnyamata wina anawatchera mwendo, anagwa chagada, ndipo sindinawaonenso bwino chifukwa cha miyendo ya anthu. Ndinkangomva mabuu a mapazi m'nthiti. Amayi ankawamenya ndi mabuku a nyimbo, ndi maambulera, wina ndi musi umene anatola pakhomo la alandilodi. Anayesa kudzuka kamodzi, magazi akutuluka m'kamwa ndi m'mphuno, dzanja limodzi likufufuzabe kope lawo m'fumbi. Wina analiponda dzanjalo ndi jombo, ndinamva zala zikuthyoka ngati nkhuni zouma. Anawavula shati, anawakoka ndi miyendo kuzungulira bwalo, msana ukukhulika pamiyala.

Ena analowa m'chipinda chija n'kutulutsa zonse: mabulangete, mapepala a pa intaneti, matiresi, mabuku a sukulu, sutikesi ya malemu mlamu wanga. Anaunjika pakati pa bwalo n'kuyatsa. Maenvelopu anaponyedwa pamoto limodzilimodzi, eni ake akulavulira. Fungo la tsitsi lopsa ndimalidziwa, ndinkakhala nalo tsiku lililonse, koma la tsiku limenelo linandisanzitsa.

Pakona pa puloti panali mulu wa njerwa zimene alandilodi ankafuna kumangira chipinda china. Mkamwini wawo, bambo wa mwana wotayidwa uja, anali asanamenye nawo. Anali ataima pambali, misozi ikutsika. Kenaka anapita pamulupo, anasankha njerwa yathunthu, anthu n'kumupatukira. Anagwada pambali pa achimwene, n'kuikweza ndi manja awiri. Phokoso lake silinali lalikulu. Miyendo ya achimwene inangoti gwedegwede, n'kuwongoka.

“Tayala! Bweretsani tayala!” Tayala linabwera, lakutha, la minibasi. Analikoleka m'khosi mwa munthu amene sankadziwanso kanthu. Wina anathamangira kuokala kukagula palafini, koma mwini okala anali atatseka zenera n'kudzikhomera mkati. Akulimbana ndi chitseko chake, galimoto ya apolisi inatulukira, utsi wokhetsa misozi n'kuphulika, anthu balala. Kumbuyo kwa galimotoyo kunali mkulu wa mawailesi uja, wopanda nsapato, mapazi ali magazi okhaokha. Munthu ndinamutcha galu uja anathamanga ulendo wonse kukaitana apolisi. Ine, mlongo wa munthu womenyedwayo, nthawi yonseyi ndinali nditabwerera kukaima pakhonde langa, mwana kumsana, chipeso chili m'tsitsi.

Achimwene anagona kuchipatala masiku asanu ndi anayi osatsekula maso. Ndinkapita m'mawa uliwonse ndi phala limene sankamwa, ndikuzemba njira ya kumsika kuti anthu asadziwe kumene ndikupita. Chimene chimandinyansa kwambiri ndikakumbukira ndi chifundo chimene anandichitira amayi aja. Ankabwera pakhonde, amvekere, “Pepani asisi, munasunga njoka m'nyumba osadziwa.” Wa tomato uja anandibweretsera ufa m'beseni, kupepesa kuti anandikayikira. Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinawalukanso amayi amenewo kwa masabata awiri, ndikuwapatsira tsitsi lawo m'manja.

Achimwene atatuluka, ndinasamukira nawo ku Area 25, kumene kunalibe otidziwa. Mlandu panalibe, chifukwa apolisi sanapeze chowazengera. Koma munthu ndinabwera nayeyo sanali yemwe uja. Dzanja lamanja linapindika. Mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati akuwakoka m'chitsime. Manambala anawathawa onse, moti mphunzitsi wa fizikisi sankatha kuwerenga wotchi. Za kwantamu sanazitchulenso. Mkulu wa mawailesi anabwera kangapo kudzawaona, ankangokhala awiriwo pamkeka osayankhulana, kenaka anasiya kubwera. Adokotala anandiuza kuti zimene zinachitika tsiku limenelo mwina sadzazikumbukira konse. Ndinene poyera: ndinasangalala. Ndinatuluka m'chipatalamo mtima uli mbee, ngati wakuba amene wamva kuti mboni yafa.

Kumanzere kwa mutu wawo kunatsala chigwa, malo ofewa amene tsitsi limamera mokhotakhota. Kubabashopu ankaopa kuwameta, ndiye ndinkawameta ndekha ndi lezala kamodzi pamwezi, atakhala pampando womwe uja anandigulira. Zaka zisanu ndinawameta, kuwasambitsa dzanja lopuwalalo, kuwadulira nyama. Anthu a ku 25 ankanditama kuti alongo otere kulibe masiku ano. Kutama kumeneko kunkandiwotcha kuposa kutukwana.

Tsiku lina Loweruka m'mawa ndikuwameta, lezala litafika m'mphepete mwa chigwa chija, manja anga anakana. Palibe chinachitika chapadera tsikulo. Ndinangotopa nako kunyamula. Ndinazungulira n'kugwada kutsogolo kwawo, sopo ali m'manja.

“Achimwene, pali zimene simukumbukira za tsiku lija ku Chinsapo. Anthu aja anali asanakukhudzeni. Amene anayamba kukumenyani ndine. Munali mutandipulumutsa kale, koma ine ndinakumenyani, ndinakulavulirani, ndinakutchulani mfiti.”

Mlomo wawo unayamba kugwedera monga unkachitira akamasaka mawu. Ndinkayembekeza kuti adabwa, kapena andifunsa kuti Chinsapo ndi kuti. Anakweza dzanja lawo labwino pang'onopang'ono n'kugwira tsaya lakumanzere, pamalo pake penipeni.

“Za njerwa... sindikumbuka,” anatero. “Za moto... ndimangomva kwa anthu. Lako lokha... ndimalikumbuka. Dzanja lako linkanunkhira... mafuta a tsitsi.”

Zaka zisanu zonsezo ankadziwa. Mwezi uliwonse ankakhala pampando, n'kupereka mutu wawo wosweka kwa dzanja lomwelo, lili ndi lezala.

Ndinalira mpaka sopo anauma m'mutu mwawo. Iwo anangondidikira monga ankachitira kale ndikamakalipa, mpaka mawu anga atha okha. Kenaka anaweramitsa mutu n'kuloza mbali imene inatsala.

“Maliza, chemwali,” anatero. “Mutu uli theka.”